Mutu 6: Mphindi Khumi za Pamthunzi

1. Kamfuti

Sukulu inakhala yotseka miyezi isanu. Udzu wa pabwalo la mpira unafika m'chiuno, ndipo m'kalasi ya mayeso njiwa zinamanga chisa pamwamba pa bolodi. Mliri unali usanathe, koma unali utachepako, ndiye kunabwera kalata yoti kalasi yolemba mayeso yokha iyambe kuphunzira Lolemba.

Lachisanu ahedi anaitanitsa msonkhano wokonzekera. Kunabwera aphunzitsi asanu, alonda, anesi a kuchipatala chapafupi, ndi mapulifekiti anayi. Anakhala panja, mipando motalikirana, aliyense akulankhula mokuwa ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msewu.

Mmodzi mwa mapulifekitiwo anali Singano. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa anali mwana wa atelala, anali wowonda, ndipo akalankhula mawu ake ankabaya.

Ahedi anawerenga dongosolo lawo. Kalasi igawidwa pawiri, gulu loyamba lizibwera 7 koloko, lachiwiri 11 koloko. Desiki imodzi, munthu mmodzi. Pakhomo lililonse pakhale ndowa ya madzi ndi sopo. Wopanda masiki azibwerera pageti. Chipinda chosungiramo madesiki othyoka chisesedwe, chikhale chodikiriramo odwala.

"China ndi ichi," anatero ahedi. "Lolemba lomwelo kukubwera wojambula zithunzi za ziphaso za mayeso. Ali ndi masukulu ambiri sabata imodzi, ndiye pano anyamuka 1 koloko. Mafomu akupita Lachitatu. Wopanda chithunzi alibe chiphaso, ndipo wopanda chiphaso adzaonana ndi mayeso chaka chamawa. Wina asadzabwere kudzandilirira mu ofesi."

Kenako anesi anatulutsa m'chikwama kachipangizo koyera kooneka ngati kamfuti, pamodzi ndi buku lakuda.

"Ana inu, aka n'koyezera kutentha kwa thupi," anayamba motero. "Mumaloza pamphumi, mumadina apa, nambala imatuluka. Ikapitirira 37.5, munthuyo asalowe m'kalasi. Koma mumve bwino, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kamfuti aka sikadziwa matenda, kamangodziwa khungu. Munthu akayenda padzuwa kapena akathamanga, mphumi imatentha ngakhale iye ali bwinobwino. Ndiye nambala ikakwera musakuwe, musathawe, musaloze munthu chala. Mukhazikeni pamthunzi mphindi khumi, amwe madzi, mumuyezenso. N'chifukwa chake dzina lililonse m'buku ili lili ndi malo awiri olembapo. Nambala yachiwiriyo ndiyo yoona. Ikakweranso, apo ndiye mundiimbire. Ameneyo akakhala kunyumba masiku khumi ndi anayi, pamodzi ndi aliyense amene wamuyandikira wopanda masiki. Ine sindingakhale pano, ndili ndi masukulu ena anayi. Ndizikhulupirira zimene mwalemba. Mukalemba zabodza, mwatsekera munthu wabwino panja kapena mwalowetsa wodwala mkati, ndipo ine ndidzadziwa zinthu zitaonongeka kale."

"Ndani agwire kameneka pageti?" anafunsa ahedi.

Aphunzitsi a masamu anayang'ana nsapato zawo. A Chingerezi anayamba kufunafuna chinthu m'thumba.

"Sala, gulu lachiwiri ndi ndani?" anafunsa Singano.

"Tadula kaundula pakati. Theka la m'munsi ndiwo a 11 koloko."

Singano ankaudziwa kaundulayo pamtima. Anakweza mkono.

"Ndigwira ine."

"Mwaona?" anatero ahedi, akuyang'ana aphunzitsi aja. "Mwana wodalirika."

2. Zimene anachita Wailesi

M'theka la m'munsi la kaundula munali dzina la mtsikana amene aliyense ankamutchula kuti Wailesi, chifukwa nkhani sinkagona m'kamwa mwake. Iye ndi Singano anakhala desiki imodzi zaka zitatu. Ankabwerekana zolembera, ankadyera limodzi, ankalangidwira limodzi.

M'mwezi wachiwiri wa kutseka kwa sukulu, amayi a Singano anadwala. Mpweya unkawathera akangoyenda kuchoka pabedi kufika pakhomo. Kunabwera ambulansi, munatuluka anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Tsiku limenelo Wailesi anabwera kudzabwereka kope la sayansi. Sanalowe. Anaima kutsidya kwa msewu, anatulutsa foni, anajambula amayi a mnzake ali pamachira, chikwangwani cha utelala chikuoneka bwino kumbuyo. Chithunzicho anachiponya pagulu la pafoni la kalasi, n'kulemba kuti: "Amene munasoketsa apa, wiritsani zovala." Anaikapo ndi tinkhope toseka titatu.

Dzuwa lisanalowe, chithunzicho chinali m'mafoni a anthu amene sankamudziwa n'komwe Wailesi.

Amayi anabwerako patatha masabata atatu atachira, koma pakhomo panasiya kugogoda munthu. Mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake isanasokedwe, anaima kunja kwa mpanda n'kunena kuti amuponyere. Itagwa pansi anaitola ndi ndodo, anailowetsa m'jumbo. Kugolosale Singano ankamuuza kuti aime mumsewu, azikuwa zimene akufuna. Ana a nyumba yoyandikana nayo akamuona ankatseka mphuno n'kuthawa akuseka.

Wailesi sanapepese. Patapita masiku anayi anafufuta chithunzicho, n'kungolemba kuti: "Ine ndimangochenjeza anthu."

Singano sanayankhe pagulu paja. Miyezi itatu yonse sanayankhe.

3. Sizasi pansi

Lamulungu masana amayi anali pamakina, akusoka mamasiki a ana amene adzaiwale awo. Singano ankawasita n'kumawaika khumikhumi.

"Mawa pageti ndili ine," anatero osadzutsa mutu.

"Unanena kale. Aka n'kachitatu."

Singano anamwetulira. Amayi anaimitsa phazi, makina anatonthola.

"Iwe, ndinakubereka ndine. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa. Ndi kuja unkamwetulira uli wamng'ono ukabisa sizasi yanga. Ndani akudutsa pageti mawa?"

"Kalasi yonse, amayi."

"Tandiyang'ana. Amene anadwala ndine, si iwe. Amene anagona ndi chipaipi m'mphuno ndine. Bedi loyandikana ndi langa linasintha anthu atatu ine ndikuona, ndipo palibe mmodzi anatuluka ndi miyendo yake. Ine ndinatuluka. Sindinatulukire kuti ndizisunga mwana wa eni ake mumtima. Mwana uja anachita zauchitsiru, ndipo sindikuti uzikaseka naye. Ukafuna usadzamulankhulenso mpaka ukalamba, zako zimenezo. Koma kachipangizoko sanakupatse kuti ukaweruzire mlandu wa mayi ako. Akupatsa kuti ana a anthu asadwale zimene ndinadwala ine. Ine pantchito yanga ino ndikapsa mtima ndimaika sizasi pansi. Ndinadulapo diresi laukwati la munthu nditangokangana ndi bambo ako, ndipo panalibe ulusi umene unalibweza. Mwini wake analira, ine ndinalira, diresi linangokhala choncho. Ngati ukuona kuti mtima wako sunakhale pansi, mawa ukawapatse ahedi kanthu kawoko, agwire wina."

"Ndamva, amayi."

"Wamva ndi makutu, kapena wamva?"

"Ine ndizingolemba zimene kachipangizo kanena."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaponda makina.

"Masiki iyo ukuiwotcha," anatero.

4. Pageti

Lolemba gulu loyamba linafika kuli kozizira. Anaima pamizere ya laimu imene alonda anajambula pansi. Anali atatalika, ena atanenepa, mayunifolomu akuwathina.

"Usandiombere, bwana, ndili ndi banja!" anatero mnyamata wina, atakweza manja m'mwamba.

"Kweza masiki. Si ndevu imeneyo," anatero Singano. Anadina. "36.4. Dutsa."

Onse analowa. Wojambula uja anafika panjinga yamoto, anapachika nsalu yoyera pakhoma la ofesi, anaika mpando patsogolo pake. Ahedi anauza Singano kuti iye adzajambulitsa pomaliza, geti likatsekedwa.

Pofika 11 koloko dzuwa linali litaswa mtengo. Aphunzitsi a sayansi, amene ankayang'anira pageti, anaitanidwa chifukwa kampopi ka ndowa kanathyoka ndipo madzi ankalowa m'kalasi. Panatsala Singano ndi alonda, amene anakhala pampando wawo pansi pa mtengo.

Mnyamata wina anafika panjinga, thukuta lili kamukamu. Kamfuti kanati 37.9. Singano anamukhazika pamthunzi pafupi ndi alonda, anamupatsa madzi, anayang'ana wotchi. Patatha mphindi khumi kanati 36.7.

"Zodabwitsa," anatero alonda. "Mthunzi wanga uno ndi chipatala, eti?"

Gulu lachiwiri linalowa lonse, kupatula munthu mmodzi. Singano sanatseke buku. Wailesi ankakhala kuseri kwa chitunda, ndipo chiyambire sukulu anali asanafikepo pa nthawi yake.

Itadutsa 11 ndi mphindi makumi awiri anatulukira pakona akuthamanga, chikwama chikumumenya kumsana. Tsitsi anali atalikonza mwapadera chifukwa cha chithunzi. Anafika ali wefuwefu, kolala itanyowa.

"Singano mnzanga! Koma ndiye wasowa! Amayi ali bwanji?"

"Ima pamzere."

Singano anakweza kamfuti pang'onopang'ono, analoza pakati pa mphumi, anadina. Anayang'ana nambala, kenako anatembenuza kachipangizoko kuti mwini wake adzionere.

38.2.

"Iii, bodza! Ndathamanga kuchokera kunyumba!"

"Ine ndiye ndikunama? Werenga wekha."

Lamulo la pamthunzi ankalidziwa ndi anthu a mumsonkhano uja, komanso mnyamata wa njinga amene tsopano anali m'kalasi. Wailesi sankalidziwa.

Singano anatsegula buku. Pamalo oyamba analemba 38.2. Anayang'ana pansi pa mtengo, pamene kapu ya madzi inali ikadali pamwala. Kenako pamalo achiwiri analemba 38.1, kuti zioneke zoona.

Alonda anakhosomola pang'ono.

"Mwana wanga, uja wa njinga uja si unamukhazika apa?"

"Uyu yakwera kwambiri, abambo. Musayandikire. Matendawa akuluakulu ngati inu sachedwa kuwagwetsa."

Alonda anakokera mpando wawo kumbuyo.

Zikanathera pomwepo, ntchito inali itatheka. Koma masiki inkabisa pakamwa, ndipo Singano anadikira miyezi itatu kuti Wailesi adzaone mano ake. Anadumpha mzere wa laimu, anatsitsa masiki mpaka pachibwano, anamwetulira, n'kuyandikitsa pakamwa kukhutu kwa mnzakeyo.

"Ukakafika, ukawiritse zovala," ananong'ona.

Anabwerera pamalo pake, anakweza masiki, ndipo anakuwa ndi mawu onse amene anali nawo:

"Sala! Tapeza wina kuno!"

M'mawindo a kalasi munadzaza mitu. Mafoni, amene malamulo a sukulu ankaletsa, anatuluka m'masokosi. Wailesi anaphimba nkhope ndi chikwama. Singano anawerenga mafoni asanu ndi awiri, ndipo kumtima kwake kunachita mbee.

5. Chipinda cha madesiki othyoka

Ahedi anabwera atavala mamasiki awiri. Anaima patali, anauza Singano kuti atambasule buku, anawerenga manja ali kumbuyo. Kenako anapita pakona ya ofesi pamene foni imagwira bwino. Atabwerako nkhope inali itagwa.

"Anesi afika 2 koloko. Akuti upite m'chipinda chija, ukadikire."

"Sala, chithunzi!" Wailesi analira. "Andijambule kaye, ndiima patali. Chonde, sala. Bambo anga andipha."

Ahedi anayang'ana wojambula uja. Iye anapukusa mutu asanafunsidwe.

"Pojambula amavula masiki, bwana, ndipo ine ndimaima pafupi. Ndili ndi ana kunyumba."

"Basi, zatero," anatero ahedi. "Funso lomaliza, anesi akuti ndifunse. Lero pali amene wakuyandikira wopanda masiki?"

Wailesi anasiya kulira. Anapukuta m'maso ndi kolala, anayang'ana Singano kuyambira kunsapato kukwera.

"Alipo, sala. Uyu. Anatsitsa masiki, anandinong'oneza m'khutu. Mpweya wake ndaumva pakhosi apa."

"Akunama," anatero Singano.

"Zoona, sala, ine ndinaona!" anakuwa wina amene ankakhala pafupi ndi windo. Alonda anagwedeza mutu movomereza.

Ahedi anapumira m'mwamba.

"Singano, Lachisanu unalipo. Unamva ndi makutu ako. Ine ndinakutama pamaso pa aphunzitsi, ndinati ndiwe wodalirika. Lamulo ili sitinaikire ana ena, iwe n'kukhala pamwamba pake. Munthu amene wagwira chipangizo ndiye woyamba kulisunga, chifukwa anzake onse akuyang'ana iye. Ukuganiza kuti ine ndikusangalala? Miyezi isanu ndakhala ndikulemba makalata kuti mubwerere m'kalasi. Makolo ena anakana, ndinayenda khomo ndi khomo kuwalonjeza kuti ana awo akhala bwino. Lero ndikakulekerera iwe chifukwa umakhoza bwino, mawa wina akadwala sukulu yonse itsekedwanso, ndipo anzako makumi asanu ndi limodzi alephera mayeso chifukwa cha chifundo changa. Sindingatero. Ika chipangizo ndi buku patebulo la pagetilo, palibe achigwire mpaka anesi abwere. Tsatira mnzakoyo."

M'chipindamo munkanunkha fumbi ndi sopo. Madesiki othyoka anawaunjika kukhoma, pakati anaikapo mipando iwiri motalikirana. Wailesi anakhala kuchitseko, Singano kuwindo.

Pawindopo pankaoneka zonse: nsalu yoyera, mpando, mzere wa ana ukufupika. Aliyense akafika ankavula masiki, ankakonza kolala, kuwala kunkati ng'ani, wina n'kukhalapo.

"Ndikabwereza chaka, tibwereza tonse," anatero Wailesi. "Tidzakhalanso desiki imodzi. Udzandibwereka kope la sayansi."

Singano anatembenukira kuwindo. M'chipindamo munali mozizira bwino. Thukuta la Wailesi linali litauma kalekale, ndipo mphindi khumi zinali zitadutsa kasanu ndi kawiri. Mawu otsegula chitseko anali ochepa: sala, sindinamuyeze kachiwiri. Akanawanena, kamfuti kakanabwera, onse awiri akanakhala pampando wa wojambula uja. Koma Wailesi ndiye akanatuluka woyera, ndipo nkhani ya buku ikanafika kunyumba iye asanafike.

Wotchi inati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 1 koloko. Pamzere panatsala anthu anayi.

Ahedi anadutsa chapatali ndi windo.

"Muli bwanji umo? Pali chimene mukufuna?"

Singano anaimirira. Anagwira chitsulo cha windo. Anatsegula pakamwa.

"Sala…"

"Sala, muwauze anesi ayambe kuyeza uyu," Wailesi anamudula mawu. "Mwina ndi iyeyu wandipatsira. Za kwawo zija ndani akudziwa ngati zinatha? Nyumba imene ija anthu mpaka pano amaizungulira."

Dzanja la Singano linasiya chitsulo.

"Umati chiyani, Singano?" anafunsa ahedi.

"Palibe, sala. Tili bwino."

Anabwerera pampando, anapinda manja, anayang'ana Wailesi osaphethira. Anakhala choncho mpaka mwana womaliza anadzuka pampando wa wojambula.

Wojambulayo anachotsa nsalu pakhoma, anaipinda kanayi, anaimangirira kumbuyo kwa njinga pamodzi ndi chikwama. Wailesi anayambanso kulira, tsopano mopanda phokoso. Singano sanalire. Anangoyang'ana pawindo.

Wojambula anaponda njinga. Inakana. Anapondanso. Inatsokomola n'kuzima.

Kugeti kuja alonda anadzuka pampando wawo. Anavula chipewa, anachigwira pachifuwa, anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulunjika kwa ahedi. Mawu awo sankamveka m'chipindamo. Singano anangowaona akuloza pansi pa mtengo, kenako akuloza buku lakuda patebulo, kenako akukweza chala chimodzi, ngati akuti kuyeza kunachitika kamodzi kokha.

Ahedi anatsegula bukulo ndi manja awo. Anawerenga. Anatembenuka, anayang'ana pawindo pamene panali Singano.

Wojambula ataponda kachitatu, njinga inalira.